Mutu 7: Mlembi ndi mkonzi wake, kuyambira padoko la Nkhata Bay

Tsiku limene sitima ya Ilala yakocheza ku Nkhata Bay, munthu wofuna kulemba buku alibe chifukwa chodandaulira kuti nkhani zamusowa. Angopeza pokhala chapafupi ndi doko, atseke pakamwa, atchere khutu. Amayi ochokera ku Likoma ndi ku Chizumulu akutsitsa matumba a usipa, ena akukweza malata, simenti, ufa wa kondowole ndi nkhuku zomanga miyendo. Anyamata onyamula katundu akukanganirana kasitomala m'Chitonga, kondakitala wa minibasi ya ku Mzuzu akuitanira m'Chitumbuka, wapolisi akukalipa m'Chichewa. Agogo ena angoima potero, sakukwera, sakuchingamira munthu, koma sitima ikalira salephera kufika. Ilala inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, ndipo chiyambire yanyamula akwati, maliro, ana asukulu ndi anthu othawa ngongole. Mwa onsewa, ndi angati analowapo m'buku?

Ndikufunsa chotere chifukwa pa ntchito yanga yokonza zolemba za anthu ndinalandirapo chimpukutu cha mapepala kuchokera kwa mnyamata wina wa m'tauni yomweyi. Nkhani yake inkachitikira ku London. Munali galimoto zaliwiro, mfuti, ndi mtsikana wa tsitsi lofika m'chiuno. Mwini wakeyo ulendo wake wautali kwambiri unathera ku Lilongwe. Zonse anachita kubwereka m'mafilimu, n'chifukwa chake munalibe fungo la chilichonse, ngakhale thukuta. Tili mkati mocheza anangotchula modutsa kuti agogo ake aamuna anapita ku Joni mkazi wawo ali woyembekezera, nabwerako patapita zaka zambirimbiri ali ndi sutukesi imodzi, jekete ndi chifuwa chosamva mankhwala, n'kupeza pakhomo pali ana a mwamuna wina. Ndinamuuza kuti, "Achimwene, buku lanu ndi limenelo. Ili mwandipatsali kalisungeni, mwaphunzirirapo kagwiridwe ka cholembera." Anachoka atakwinya nkhope, ndipo sindimuimba mlandu. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Dera lino cholembera silinachidziwe dzulo. Amishoni a Livingstonia atasamukira ku Bandawe mu 1881, Atonga anaikonda sukulu msanga, ndipo ambiri mwa ophunzirawo anathera kunja, kukakhala makalaliki ndi akapitawo ku Salisbury, ku migodi ya kopa ndi ku Joni. Ena sanabwererenso, ndiwo aja timawatcha machona. Mmodzi mwa otchuka ndi Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town. Analemba mbiri ya moyo wake, koma anamwalira mu 1951 asanaione itasindikizidwa. Mapepalawo anadikira mpaka 1970, pamene katswiri wa mbiri yakale Stanley Trapido anawakonza n'kutuluka buku lotchedwa My Life and the ICU. Kanyama Chiume wa ku Usisya, atathawa m'dziko muno pa chisokonezo cha nduna cha mu 1964, analemba buku lake la Kwacha limene linatuluka ku Nairobi mu 1975, nthawi imene kuno ngakhale kutchula dzina lake kunali kuputa mlandu.

Mabuku otere ndi chuma, koma buku la mbiri ya munthu wandale limatsata mwini wake: misonkhano, sitalaka, adani, ulendo wothawa. Mkazi wotsala kumudzi akunyika chinangwa m'madzi n'kumayang'ana kumsewu, amalume olera ana a mchona, mwana wokula akumva kuti bambo ake ali "ku Halale", amenewa malo awo ali m'nkhani yaitali yopeka. Ntchito ya wolemba nkhani yotere imayambira pamene wolemba mbiri walekezera.

Tengani chitsanzo cha pa 3 Marichi 1959. Boma la atsamunda litalengeza lamulo la chitetezo cha padera, anthu omangidwa anawakweza m'sitima ya Mpasa padoko lomwe lino. Khamu linasonkhana kufuna abale awo, asilikali anaombera. Lipoti la kafukufuku wa Devlin linati anafa anthu 20, pamene eni dera amawerengera oposa 30. Zimenezi mwana wa sukulu angathe kuziloweza n'kukhoza mayeso. Wolemba nkhani yaitali sakhuta ndi nambala. Iye amafuna kudziwa kuti mayi wina amene anathamangira kudoko m'mawa umenewo anasiya chiyani pamoto, ndani anam'kaniza kupita, nanga madzulo ake anauza chiyani ana. Akasankha munthu mmodzi n'kum'tsata tsiku lonse, wowerenga adzamva kulemera kwa onse aja. Akafuna kuwanyamula onse pakamodzi, adzalemba lipoti lachiwiri.

Pomwepa pali chenjezo limene olemba achinyamata salimva msanga. Anthu amene anafa padokopo ali ndi mayina enieni, ndipo zidzukulu zawo zikugulitsa nsomba mumsika momwemu. Musaike mawu opeka m'kamwa mwa munthu weniweni, ndipo musam'semere tchimo loti nkhani ikome. Pekani banja lanu, mulipatse mudzi ndi dzina lanulanu, mulikhazike pakati pa zinthu zimene zinachitikadi. Tsiku, dzina la sitima ndi malo zikhale zoona. Misozi ndi mikangano ya m'nyumba zikhale zanu.

Munthu wa m'nkhani afune kanthu

Kusukulu timaphunzira za ampangankhani, za malo ndi nthawi, za tsatanetsatane wa nkhani ndi pampondachimera. Mawu amenewa ngothandiza poyankha mayeso, koma polemba funso lenileni ndi limodzi: munthu uyu akufuna chiyani, nanga cham'tsekereza n'chiyani? Msodzi akufuna injini ya boti kuti asiye kupalasa bwato. Mkazi wake ndalama yomweyo akuifunira fizi ya mwana amene wasankhidwira ku sekondale. Mwini chilimira amene anakongoza msodziyo chaka chatha akubwera Loweruka. Onse atatu ali ndi mfundo zomveka, palibe mfiti pakati pawo, ndipo mpake kuti wowerenga asowe wom'khalira kumbuyo. Nkhani zambiri zimene zimafika pa tebulo la mkonzi zimafera apa: wabwino ndi wabwino kuyambira tsamba loyamba, woipa ndi woipa mpaka ngozi ya galimoto itam'chotsa patsamba lomaliza. Ngozi ya galimoto yapha ampangankhani ambiri m'zolemba zathu chifukwa choti mlembi watopa.

Buku la Nthondo, limene Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anatulutsa mu 1933, likuwerengedwabe m'sukulu mpaka lero. Mwa zina n'chifukwa chakuti mwini nkhaniyo timam'tsata kuyambira kubadwa, timamuona akulakwa, akuba, akuyenda, akusintha. Munthu wolakwa timam'khulupirira chifukwa timam'dziwa.

Chinanso ndi kudziwa ntchito ya anthu amene mukuwalemba. Usipa amaukopa ndi nyali usiku wa mdima. Mukalemba kuti asodzi anadzaza boti mwezi uli mbee, wowerenga wa ku Blantyre mwina angodutsa, koma wa kunyanja atseka buku n'kuseka, ndipo sadzakukhulupiriraninso pa china chilichonse. Dziwani ntchito ya siginala, dziwani miyezi imene mwera umavuta, dziwani mmene nkhungu zimafukira panyanja ngati utsi ndi zimene amayi amachita nazo zikafika kumtunda. Simudzalemba zonse zimene mwaphunzira. Mwina mudzatolapo kamodzi pa zinthu khumi, koma kamodziko kadzamveka kuti kachokera kwa munthu amene ananyowapo.

Nanga chiyankhulo? Ili ndi funso lovuta kwa mlembi wa kuno kuposa wa ku Dowa. Kunyumba akuyankhula Chitonga, kumsika akusakaniza ndi Chitumbuka, kusukulu waphunzira Chichewa ndi Chingerezi. Kuyambira 1968, pamene Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko, ziyankhulo zina zinatsekeredwa kunja kwa wailesi ndi kalasi kwa zaka zambiri, ndipo chilondacho ena chikuwawawabe. Legson Kayira wa ku Chitipa, uja anayenda wapansi mpaka ku Khartoum posaka maphunziro, analemba The Looming Shadow ndi Jingala m'Chingerezi. Nthara analemba m'Chinyanja. Aliyense anapeza owerenga ake. Langizo langa ndi lakuti lembani m'chiyankhulo chimene mungathe kukangana nacho komanso kuseketsa nacho anthu. Ngati mwasankha Chichewa koma nkhani ikuchitikira ku Chintheche, musawasandutse anthu anu Achewa a ku Kasungu. Mwana aitane "ada" ndi "ama", wolandira mphatso athokoze kuti "yewu", ndipo musathamangire kumasulira liwu lililonse ngati wowerenga ndi khanda. Amva yekha poona zimene zikuchitika.

Miyambi nayo isachuluke. Pali olemba amene amaganiza kuti Chichewa chakupsa ndi kuunjika mikuluwiko, mwakuti mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amayankhula ngati nkhoswe pabwalo la milandu. Mwambi umakoma ukatuluka m'kamwa moyenera pa nthawi yake. Mvetserani mmene anthu amayankhulira zoona: wobwera kudzakongola ndalama amayamba ndi za mvula, wodzanena za maliro amayamba wakhala pansi kaye, mkazi wokwiya amayankha mwaulemu wopitirira muyeso. Chimene munthu akuzungulira osachitchula ndicho chimakoka wowerenga.

Za kalembedwe ka tsiku ndi tsiku sindinena zambiri. Gulani kope lachikuto cholimba, sankhani nthawi imene pakhomo pali phee, lembani tsamba limodzi kapena awiri, mawa muteronso. Wolemba tsamba limodzi patsiku amakhala ndi buku chaka chisanathe. Ena akulembera pa foni ndipo palibe cholakwika, bola zolembazo zisungidwe pawiri kapena patatu. Chinua Achebe anatumiza ku London mapepala ake okhawo a Things Fall Apart kuti akawataipe, kampaniyo inangowaunjika pakona miyezi yambiri, mpaka bwana wake wa ku wailesi atapita yekha kukawalondola. Bukulo linatuluka mu 1958. Likanatayika, palibe akanadziwa chimene dziko lataya. Foni imagwera m'nyanja, chiswe chimadya kope.

Mpeni wa mkonzi

Mukamaliza kulemba, musathamange. Ikani zolembazo m'sutukesi mwezi wathunthu, kenaka muziwerenge mokweza ngati za munthu wina. Pamene lilime lapunthwa, chiganizo chili ndi vuto. Pamene inu eni mwayamba kuyasamula, wowerenga anagona kale. Mukatero mufune munthu wachiwiri, ndipo asakhale mayi anu kapena bwenzi lanu, chifukwa amenewo adzati zili bwino.

Anthu ambiri amaganiza kuti mkonzi ndi wosaka zilembo zolakwika basi. Imeneyo ndi ntchito yomalizira. Mkonzi wodziwa ntchito amawerenga koyamba osagwira cholembera, kuti aone ngati nyumbayo yaima. Mwina nkhani yeniyeni ikuyambira pa mutu wachitatu ndipo mitu iwiri yoyambayo mlembi ankangokonza kukhosi. Mwina alongo awiri akugwira ntchito imodzi m'nkhanimo ndipo mmodzi ayenera kuchoka. Ulendo wachiwiri amayenda chiganizo ndi chiganizo, kufunsa ngati munthu angayankhuledi chonchi, kuona ngati mwana amene anabadwa nthawi ya chilala sanakule zaka khumi m'miyezi itatu, ngati amene anakwera Ilala Lolemba sanafike Lamlungu la dzulo lake. Pomaliza ndi pamene amayang'ana kalembedwe ka mawu, zizindikiro za m'kalembedwe, ndi kuti liwu limodzi lisalembedwe mitundu itatu. Pa Chichewa pali malamulo a kalembedwe amene anayamba ndi bungwe la Chichewa Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo kuyambira 1996 ntchitoyo ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba, amenenso anatulutsa mtanthauziramawu. Mkonzi wopanda mabuku amenewa patebulo akungoyendera mphuno.

Kudulidwa kumawawa. Ndaonapo bambo wamkulu akutetezera ndime imodzi ngati mwana wake wachisamba, chonsecho ndimeyo inkangofotokoza kulowa kwa dzuwa kachinayi. Usipa wauwisi wodzaza ndowa ukayanikidwa pathandala umachepa, koma ndi wouma womwewo umene umafika ku Mzuzu ndi ku Lilongwe osaola. Wakutsina khutu ndi mnansi. Komabe mlembi ali ndi ufulu wokana. Ngati mkonzi akufuna kuchotsa chinthu chimene mukudziwa kuti ndicho mtima wa nkhani, fotokozani chifukwa chake modekha. Mukalephera kufotokoza, mwina mkonziyo akunena zoona.

Akonzi nafenso tili ndi matenda athu, ndipo lalikulu ndi kufuna kuti aliyense alembe ngati ife. Mkonzi wokulira ku Lilongwe amatha kupeza liwu la kunyanja limene salidziwa n'kulifafaniza ngati cholakwika, mmalo mofunsa mwini wake. Wina amasalaza chiganizo chilichonse mpaka agogo a ku Usisya ayambe kuyankhula ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Buku ndi la mlembi, dzina lake ndilo lili pachikuto. Mkonzi wabwino saoneka, monga mmene T. Cullen Young, mmishoni wa Livingstonia, anamasulira Nthondo m'Chingerezi n'kutuluka mu 1934 pa dzina lakuti Man of Africa, koma mpaka lero tikamakamba za bukulo timatchula Nthara.

Ntchito ya ukonzi ili ndi mwana wake wotchuka wochokera m'boma lino. Aleke Banda, amene kwawo kunali ku Tukombo, anali mkonzi wa Malawi News mu 1959 ali ndi zaka 20 zokha. Atakhala m'ndende zaka 12 popanda kuzengedwa mlandu, anatuluka mu 1992 ndipo chaka chotsatira anayambitsa nyuzipepala ya The Nation. Wolemba wachinyamata aphunzirepo kuti nyuzipepala ndi sukulu yabwino: imakuphunzitsa kulemba pa nthawi yake, m'malo ochepa, ndi kupirira ukaona theka la nkhani yako litadulidwa. Masamba a nkhani zazifupi ndi ndakatulo m'nyuzipepala za kumapeto a sabata ndi pamene olemba ambiri a m'dziko muno anayambira kuona mayina awo atasindikizidwa.

Tisasokoneze mkonzi ndi mlonda wa boma. Lamulo la mu 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu, ndipo kwa zaka zambiri olemba ankalemba akuyang'ana kumbuyo. A gulu la olemba la ku Chancellor College, limene linayamba mu 1970, anazolowera kubisa mfundo m'zining'a ndi m'nthano za makolo. Jack Mapanje, mlembi wa Of Chameleons and Gods, anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991. Mkonzi amadula kuti mawu a mlembi amveke bwino, pamene mlonda uja ankadula kuti asamveke. Masiku ano mlonda wovuta ali m'mutu mwa mlembi mwini: kodi abusa adzati chiyani, kodi apongozi akadzawerenga adzandiona bwanji? Ameneyo mkonzi wabwino amathandiza kum'thamangitsa.

Tsopano za m'thumba. Musasiye ntchito kapena munda chifukwa choti mwayamba kulemba buku. Nthara anali mphunzitsi, Steve Chimombo ankaphunzitsa ku yunivesite uku akulemba ndi kutulutsa magazini ya WASI. Msika waukulu wa mabuku m'dziko muno ndi sukulu, mwakuti buku likalowa pa mndandanda wa mayeso, monga zinachitikira Smouldering Charcoal la Tiyambe Zeleza, limafika m'manja mwa ana m'dziko lonse. Likapanda kutero limayenda pang'onopang'ono, ndipo mlembi amasanduka wamalonda wa buku lake lomwe. Koma kulemba n'cholinga chongosangalatsa osankha mabuku a sukulu kumabala nkhani zozizira, zodzaza ndi malangizo ngati msonkhano wa makolo.

Osindikiza akakupatsani mgwirizano, uwerengeni wonse musanasaine. Onani gawo limene mudzalandire pa buku lililonse logulidwa, nthawi imene adzakupatseni malipoti a malonda, ndi zimene zidzachitike bukulo likatha pamsika iwo osalisindikizanso. Umwini wa zolemba zanu musaugulitse wonse pa ndalama ya tsiku limodzi. Kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, ndipo dziwani kuti nambala ya ISBN imatengedwa ku National Archives ku Zomba, kumenenso lamulo limafuna kuti musiyeko buku lanu likatuluka. Bungwe la olemba la MAWU, lomwe linayamba mu 1995, ndi pokumanira ndi anzanu ndi kumva za mipikisano. Amene mwasankha kudzisindikizira nokha, ndalama yoyamba ipite kwa mkonzi, yachikuto chonyezimira ibwere pambuyo. Mabuku ambiri odzisindikizira amaoneka bwino kunja, mkati muli zolakwika zitatu patsamba loyamba.

Zonsezi n'zam'tsogolo. Chofulumira n'china. Mwana amene anali ndi zaka khumi tsiku lija asilikali anaombera padoko anabadwa mu 1949. Amene anakwera ndege za Wenela, mayi amene anadikira mchona mpaka imvi, wantchito wakale wa m'minda ya mphira ku Vizara, onsewa akutha mmodzimmodzi, ndipo maliro alionse akupita ndi nkhani zimene sizinalembedwe paliponse. Inu amene muli nawo pakhomo kapena kuseri kwa mpanda, musadikire kuti mupeze kompyuta. Tengani kope sabata ino, munyamuleko kashuga, mukakhale nawo pakhonde, muwapemphe chilolezo, ndipo akayamba kuyankhula musawadule pakamwa.